Sizasi ya Manzere

Chinayambitsa zonsezi ndi nsalu yakuda bii, yonyansa, ya mtundu woti palibe mkazi angaimange m'chiuno ngakhale pamaliro.

Pilira anali atangofika kumene ku Pretoria. Anali mtsikana wa ku Ntcheu, wamfupi, wolankhula mothamanga, amene mutu wake unamuchotsa ku Bawi n'kumufikitsa ku Joni kudzachita maphunziro apamwamba a sayansi. Koma ntchito yoyamba imene anamupatsa pa yunivesite ku Hatfield sinali ya mutu ayi. Aphunzitsi ake anamusenzetsa mpukutu wa nsalu n'kumuuza kuti akapeze telala, asoke katani yozinga tebulo lonse la m'labu, chifukwa kuwala kolowera pazenera kunkasokoneza makina. Esnat, mnzake wogona naye fulati imodzi, amene ankaluka tsitsi pa saluni ina, ndiye anamulozera kakhomo kena ku Sunnyside. Anati kumeneko kuli Mmalawi mnzathu wosoka bwino, vuto lake ndi pakamwa basi.

Unali mwezi wa Okutobala, jakaranda atayoyola maluwa misewu yonse, moti munthu unkayenda ukuponda zofiirira zokhazokha. Pilira analowa m'kashopumo thukuta lili kamukamu. Anapeza mnyamata wamtali, tepi ili pakhosi, choko chili kukhutu. Anamupatsa nsalu ija ndi manja awiri monga anamulerera mayi ake, koma mnyamatayo anangotambasula dzanja limodzi, ndipo linali lamanzere.

"Kodi kwanu amalandira ndi manzere, achimwene?"

Mnyamatayo anayang'ana dzanja lake ngati ndi la munthu wina, kenaka n'kuphulika kuseka. Anapepesa. Anati dzina lake ndi Kalimu, kwawo ndi ku Namwera ku Mangochi, ndipo dzanja limenelo lakhala likumupalamulitsa kuyambira ali mwana. Kudya amadya ndi lamanja, moni amapereka ndi lamanja, chifukwa tindodo ta mayi ake tinagwira ntchito. Koma sizasi yokha inakana kusamuka. Anainyamula patebulo n'kumupatsa Pilira kuti ayese kudula kansanza.

Pilira anayesa ndi dzanja lake lamanja. Sizasi inangotafuna nsalu osadula. Anaitembenuza uku ndi uku, anayang'anitsitsa mipeni yake, kenaka anapita nayo pagalasi lalitali loyeserapo zovala limene linali pakona. M'galasimo sizasi ija inaoneka ngati sizasi wamba ya aliyense. Mtsikana anaiwala mkwiyo, anaiwala thukuta, maso ake anawala.

Anamuuza Kalimu kuti zimene anabwerera ku Joni ndi zimenezi. Kalimu anafunsa ngati anthu masiku ano amakwera basi kuchoka ku Ntcheu kudzaphunzira sizasi. Ndiye Pilira anayamba kufotokoza, ndipo Pilira akayamba kufotokoza za ntchito yake, ngakhale mvula ibwere samva. Anati kale anthu ophunzira ankakhulupirira kuti chilengedwe sichidziwa manja kapena manzere, kuti chilichonse chimene ungaone m'galasi chikhoza kuchitikanso kunja kuno chimodzimodzi. Koma mkati mwa maatomu, tinthu tosaoneka ndi maso timene timapanga chilichonse, muli kamphamvu kofooka kamene kamakondera mbali imodzi. Kuti akagwire kamphamvuko, iwo amaotcha mtovu m'ng'anjo mpaka usanduke nthunzi. Akatero amatenga kuwala kopesedwa bwino, koti konse kwagona mbali imodzi ngati ulusi wa m'nsalu, n'kukudutsitsa m'nthunzimo. Potuluka, kuwalako kumakhala kutapotoka pang'ono, ndipo kumapotokera mbali imene maatomu akonda, osati inayo.

Kalimu anafunsa kuti pang'ono pake ndi potani. Pilira anati zili ngati munthu waima pa Pretoria pano n'kuloza chala ku Jubeki, n'kuphonya ndi theka la batani la malaya.

Telala anachotsa choko kukhutu n'kuchiika pansi.

"Ndiye mukuti dziko lonseli nalo ndi lamanzere ngati ine?"

"Pang'ono chabe."

"Pang'ono pomwepo pandikwanira, chemwali. Ndiwaimbira mayi kuti anandimenyera chabe."

Tsiku limenelo Pilira anatuluka m'shopumo akuseka yekha mumsewu ngati wamisala.

Katani ya ngodya zinayi, yopanda zipi, yopanda thumba, telala aliyense amaimaliza tsiku limodzi. Iyi inatenga mwezi. Lero mpendero wafupika, mawa ulusi watha, mkuja pakufunika kuyezanso. Musandifunse kuti ankanamiza mnzake ndani, chifukwa onse awiri ankadziwa. Pamene katani inkapachikidwa m'labu, "achimwene" anali atatha, "chemwali" anali atatha, "inu" atasanduka "iwe". Pilira ankamutchula Manzere. Kalimu ankamutchula Kuwala.

Mauthenga ankayamba m'mawa Pilira asanasambe n'komwe.

"Kuwala kwanga, wadzuka? Kuno akuti dzuwa latuluka koma ine sindikuona kanthu. Tabwera."

"Manzere, soka malaya a anthu. Ndili m'kalasi."

"Ndasoka thumba kumsana chifukwa cha iwe. Mwini wake ali m'njira. Ukadzamva kuti ndamenyedwa, udziwe kuti ndafera chikondi."

Analidi ndi pakamwa mnyamatayo, Esnat sananame. Koma pakamwa pake panali pokoma, ndipo Pilira, amene kuyambira ku sekondale anyamata ankamuopa chifukwa cha masamu, anali asanauzidwepo mawu otere. Loweruka masana ankakwera kukakhala pakapinga wa ku Union Buildings, chipisi ndi acha zili papepala pakati pawo, mzinda wonse uli pansi pawo. Ankakangana za nsomba, za mpira, za kuti kwawo kokongola n'kuti. Kalimu ankamusokera madiresi a chitenje osamuyeza, ndipo ankamukhala ngati anabadwa nawo. Pilira ankasunga tizidutswa ta nsalu timene tinkamamatira pa juzi yake akachoka kushopu. Anali masiku abwino, abale. Anali masiku abwino kwambiri.

Tsiku lina yunivesite itatsegulira alendo, Kalimu anavala malaya oyera n'kupita kukaona labu. Analowa kuseri kwa katani yake yomwe, n'kuona magalasi ang'onoang'ono anayi ataimikidwa patebulo. Pilira anamuuza kuti kuwala kumazungulira pakati pa magalasiwo kambirimbiri, kukudutsa m'nthunzi ija, kuti kupotoka kuja kuunjikane mpaka makina akuone. Kenaka anamuuza lamulo lalikulu la m'chipindamo, limene aphunzitsi ake ankalibwereza mpaka ana asukulu ankalilota. Lamulolo linkati usakhulupirire chimene waona usanachitembenuze. Ukaona kuwala kwapotoka, usathamangire kuimba nthungululu. Tembenuza maginito, bweza kuwala kudzere njira inayo, uonenso. Choona chimatembenuka nawe, chabodza chimakhala pomwepo.

Kalimu anagwedeza mutu n'kunena kuti nawonso matelala malaya amawatembenuza kuti aone msoko. Kenaka anayang'ana ngati pali amene akuwaona, n'kumugwira dzanja kuseri kwa kataniko.

Chaka chachiwiri chikupita kumapeto, Kalimu anati akupita kumudzi mu Disembala. Mlongo wake Rehana ankakwatiwa, ndipo diresi la ukwati ankafuna kukalisoka yekha. Pilira anamuperekeza kokwerera basi ku Bosman. Pakati pa zikwama, mabulangete ndi phokoso, Kalimu anamukokera pambali.

"Kuwala, ndikukawauza mayi za iwe. Za tchalitchi chako ndi mzikiti wanga tidzakambirana, sizingatilepheretse. Ndikabwera ndi yankho m'manja. Undidikire."

"Ndikudikira, Manzere wanga."

Basi inanyamuka, Pilira anabwerera ku fulati mtima uli m'mwamba.

Tsono za Esnat. Esnat sanali munthu woipa, tisamunamizire. Kungoti mwamuna wina anamudyera zaka zake zabwino ku Olievenhoutbosch, kumulonjeza ukwati, pamene kumudzi anali ndi mkazi ndi ana. Kuyambira pamenepo Esnat ankaona bodza pankhope ya mwamuna aliyense. Ankamuuza Pilira kuti anyamata a ku Mangochi akati akupita ku ukwati wa mlongo, uziyamba wafunsa kuti mkwati ndani. Pilira ankaseka, koma mawu akalowa m'khutu satulukanso. Ku Namwera netiweki inkavuta. Mauthenga a m'mawa aja anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ena aafupi, ena osafika n'komwe.

Ndiye masana ena Esnat anabwera kuchokera kusaluni asanaweruke, foni ili m'manja, nkhope ili ngati wabwera kudzanena maliro. Kasitomala wina wa ku Mangochi anamutumizira chithunzi. Anachiika pamaso pa Pilira.

Mkazi wokongola atavala zoyera, velo ili kumutu, akumwetulira. Kalimu atawerama pambali pake, tsaya lake pafupi ndi la mkaziyo. Dzanja lake lili paphewa la mkwatibwi, ndipo pachala pali mphete yasiliva. Pilira anawerenga manja m'chithunzimo ngati mwana wa sitandade wani. Ili lamanja, ili lamanzere. Mphete inali ku lamanzere, pachala chimene aliyense amadziwa tanthauzo lake. Pansi panalembedwa kuti, "Wanga wabwera ndipo wandiveka. A ku Joni pepani."

Kalimu anachoka ku Bosman zala zili zopanda kanthu. Zina zonse zimene zinali m'chithunzimo Pilira sanazione. Anaona mphete basi, kenaka misozi inatseka zotsalazo.

Analira mpaka mutu kuwawa. Kodi mawu onse aja anali a pakamwa chabe? Kodi "Kuwala kwanga" ankamuuzanso wina kumudzi? Atatopa kulira analemba uthenga umodzi: "Mphete yakukhala. Mulungu adalitse banja lako." Atatumiza anabuloka nambala.

Kalimu anabwerera mu Januwale ndipo anafikira pageti la yunivesite, chikwama chili kumsana, fumbi la ulendo lisanachoke. Anadikira mpaka Pilira anatuluka. Anamuonetsa dzanja lamanja, mphete ili pamenepo. Anati ndi ya malemu bambo ake, mayi ndi amene amupatsa, ndipo chiivalireni sinakhalepo ku lamanzere, chifukwa ikanamamupweteka ndi chogwirira cha sizasi. Anati mkazi wa zoyera amene anthu akunena ndi Rehana, mlongo wake bere limodzi. Analumbira.

"Ndinaona ndi maso angawa, Kalimu. Inali ku lamanzere."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina lake lenileni chiyambireni chibwenzi. Anamusiya ali chiimire pagetipo.

Madzulo ake mtima unayamba kubwerera, ndipo anamufotokozera Esnat zimene Kalimu ananena. Esnat anangoseka chapansipansi akupesa wigi.

"Eish, mwana iwe. Mphete zonse zimasamuka dzanja pa boda ya Beitbridge. Munthu amanama, chithunzi sichinama."

Mawu amenewo ndi amene anakhoma chitseko. Kalimu anayesa kangapo, pageti, pa fulati, kudzera mwa anthu. Koma mwamuna naye ali ndi mtima, ndipo kutchedwa wabodza uli wosalakwa kumatopetsa. Uthenga wake womaliza unabwera pa nambala yachilendo.

"Kuwala kwanga, unandiphunzitsa kuti chinthu uchitembenuze kaye usanachikhulupirire. Ine sunanditembenuze. Khala bwino."

Pilira anati ndi pakamwa paja, n'kubulokanso.

Zaka zinadutsa. Pilira anamaliza maphunziro, anapita ku Ulaya kukaona mmene anzawo amachitira ntchito yomweyo, anabwerera ku Hatfield anthu akumutchula dokotala. Esnat anakwatiwa n'kusamukira ku Durban. Amuna anabwera, ena a magalimoto, ena a madigiri, koma palibe amene anamuseketsa mpaka kuyenda akuseka yekha mumsewu. Katani yakuda ija inali ikadali m'labu, itayamba kutuwa m'mphepete. Nthawi zina podikira ng'anjo kuti itenthe, Pilira ankapezeka akutsata msoko wake ndi chala. Okutobala akafika, jakaranda n'kuyamba kuyoyoka, ankazungulira njira kuti asadutse ku Sunnyside. Madiresi aja sanawataye, sanawavalenso. Ankamusowa, kunena zoona. Ankamusowa tsiku ndi tsiku, ndipo ankadzida chifukwa chosowa munthu amene anamupusitsa.

Chithunzi chija, chimene Esnat anamutumizira pafoni, sanachifufute. Chinali mankhwala ake. Mtima ukati upite ku Sunnyside, ankachitsegula pafoni, kuyang'ana mphete, mtima n'kubwerera m'malo.

Ntchito ya m'labu inali yofuna kudekha kuposa kuona maso a nkhono. Kangapo konse ankaganiza kuti apeza, koma akatembenuza maginito n'kupeza kuti chinali chabodza, mwina galasi lapindika ndi kutentha, mwina lole yadutsa pamsewu. Koma Lachisanu lina m'mawa, mu Okutobala, kupotoka kunaoneka. Anatembenuza maginito, kunatembenuka nawo. Anabweza kuwala njira inayo, kunatembenukanso. Anabwereza mpaka aphunzitsi ake okalamba aja anavula magalasi a m'maso n'kupukuta misozi. Anthu anakumbatirana, ena anathamanga kukaimbira abale awo.

Pilira anatsala yekha kuseri kwa katani. Anagwira foni kuti auze munthu, ndipo munthu amene anabwera m'mutu anali mmodzi yekha. Mtima unkakoka mwamphamvu kuposa kale lonse. Ndiye anafuna mankhwala ake aja. Koma foni inali italumikizidwa kale ku kompyuta yaikulu ya m'labu, ndipo chithunzi chinatseguka pamenepo, chachikulu ngati zenera.

Velo. Tsaya. Mphete ku lamanzere. Kenaka maso ake anatsika kumunsi, pakona pamene pafoni pankangooneka kanthu kakuda. Dzanja lina la Kalimu linali pamenepo, likudula kaulusi kolendewera padiresi. Linagwira sizasi. Linali lamanja.

Pilira anasendera pafupi ndi kompyuta.

Kalimu kudula ndi lamanja? Munthu amene ndodo zinalephera kumusintha? Munthu amene iye mwini anamupatsa dzina la Manzere? Anayang'ananso mkono wa mkwatibwi, n'kuona kuti unatambasukira kutsogolo. Mkaziyo ankadzijambula yekha, ndipo mafoni ambiri munthu akamadzijambula amasunga chithunzi ngati cha m'galasi. Pilira anadina pamene amatembenuzira chithunzi. Sizasi inapita ku lamanzere, kwawo. Mphete inapita ku lamanja, kumene Kalimu ananena pageti paja.

Pilira yemweyo, amene ankaphunzitsa ana a eni kuti galasi limanama, zaka zonsezi ankalira chifukwa cha galasi. Sanavule n'komwe jasi loyera la m'labu. Anatuluka, n'kukwera takisi ya ku Sunnyside.

Njira yonse ankakonza mawu. Adzagwada ngati n'kofunika. Adzamuuza kuti Manzere wanga ndakutembenuza, ndachedwa koma ndakutembenuza. Mwina akadali yekha. Mwina nayenso amazungulira njira kuti asadutse ku Hatfield. Maluwa ofiirira ankagwera pagalasi la takisi ngati tsiku loyamba lija.

Kashopu kaja kanali katakula, atagumula khoma n'kulumikiza ndi chipinda chinacho. Makina anali atatu. Mayi wina, mwana ali kumsana, ankasita malaya pafupi ndi khomo. Mayiyo atadzutsa nkhope, Pilira anaima pomwepo. Nkhope imeneyo, ya mkwatibwi wa m'chithunzi chija, ankaidziwa kuposa yake yomwe.

Mayiyo anayang'ana jasi loyera, n'kuika simbi pansi.

"Ndinu a Kuwala, eti? Ine ndine Rehana."

Anamupatsa mpando. Anati iye ndi amuna ake a Swalehe anabwera ku Joni chaka chatha kudzathandiza achimwene pashopu. Pilira anamuonetsa chithunzi chija. Rehana anagwira pakamwa. Anati anachiika pafoni mongocheza tsiku la ukwati wake, kunyadira kuti achimwene abwera ndipo amuveka diresi losoka okha, ndipo mawa lake chinali chitachoka. Sankadziwa kuti chinawoloka malire. Achimwene anangomva kuti kuli chithunzi, koma sanachionepo.

Ali mkati molankhula, Kalimu analowa kuchokera kumzikiti, atavala mkanjo woyera. Anali atanenepa pang'ono, ndevu zitayamba. Atamuona Pilira, anaima pakhomo.

"Mwaswera bwanji, adokotala?"

Pilira akanakonda kutukwanidwa kusiyana ndi ulemu umenewo. Anaimirira n'kumupatsa foni ndi manja awiri. Anamuonetsa chithunzi mmene anachilandirira, kenaka anachitembenuza iye akuona. Mawu onse amene anakonza m'takisi anathawa. Anangoti, "Sizasi. Sindinaone sizasi. Ndikhululukire."

Kalimu anachiyang'ana, n'kuchitembenuza yekha, n'kuchibwezanso. Sanakalipe. Anakhala pampando wa makina. Anati anakhululuka kalekale, chimene chinkamusowetsa tulo n'choti sankadziwa chimene Pilira anaona. Tsopano wadziwa, ndipo akuthokoza. Kenaka anamuuza za mphete. Bambo ake asanamwalire anaisiya kwa mayi, n'kunena kuti mwanayu mudzamupatse tsiku limene adzabwere kudzakuuzani za mkazi. Usiku woti mawa ndi ukwati wa Rehana, iye anawauza mayi za mtsikana wa ku Ntcheu wopemphera kutchalitchi. Mayi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi mphete.

"Ndinakuuzani ku Bosman kuti ndibwera ndi yankho m'manja. Linali limenelo."

Pilira analira poyera, osabisa nkhope. Rehana anatuluka panja ndi mwana. Pofuna kuti asangolira, Pilira anamuuza za m'mawa uja, kuti apeza, kuti kuwala kwapotoka ndithu ndipo atembenuza mbali zonse osasintha yankho.

"Ndiye dziko ndi lamanzeredi?"

"Pang'ono chabe."

Kalimu anaseka kuseka kuja, kwa tsiku la nsalu yakuda, mutu utagwera kumbuyo. Kwa kanthawi kochepa zaka zonse zija zinachoka m'chipindamo, ndipo mtima wa Pilira unadumpha. Anatsegula pakamwa kuti anene dzina lija.

Koma Kalimu, mwa chizolowezi cha telala, anatambasula dzanja n'kunyamula sizasi patebulo. Chitsulo chinagunda chitsulo, kaphokoso kakang'ono. Mphete yasiliva ija inali pachala cha dzanja lamanzere. Panalibe foni pakati pawo, panalibe chotembenuza.

Kalimu anaona kumene maso ake anali.

"Ndi yomwe ija," anatero motsitsa mawu. "Imandipweteka ndikamadula. Koma akazi anga a Aliya amati ikhale kumeneko, anthu azidziwa. Tinamanga banja mu Epulo. Ndi munthu wabwino, adokotala. Anandipeza nditasweka."

Epulo wa chaka chomwecho, miyezi isanu ndi umodzi yokha yapitayo. Pilira anagwedeza mutu. Anati wasangalala, ndipo mbali ina ya mtima wake inkanenadi zoona. Anafunsa za mayi ku Namwera, anamva kuti ali bwino. Madzi anali atatayika, ndipo panalibe wowaola.

Potembenuka kuti azipita, maso ake anagwera pagalasi lalitali lija, lomwe lija, pakona pomwe paja. M'galasimo munali kashopu kena, ndi Pilira wina wa jasi loyera, ndi Kalimu wina atakhala pamakina. Kalimu wa m'galasiyo mphete inali ku dzanja lamanja. Anali asanakwatire. Anali atangofika kuchokera kumudzi ndi yankho la mayi ake, akudikira kuti Kuwala amumvere. Pilira anaima n'kumuyang'ana, ndipo akanatha kulowa m'galasimo akanalowa osacheuka.

Kenaka anaona sizasi. Munthu wa m'galasiyo anaigwira ndi dzanja lamanja. Sanali Manzere wake.

"Tsalani bwino, achimwene," anatero.

Kalimu anaika sizasi pansi, anaimirira, n'kumupatsa moni wotsanzika ndi manja awiri.